Musanagulitse Ndodo ya Malemu Bambo

Kalata ya mwezi uno yachokera kwa mayi wina wa ku Thyolo. Bambo awo anamwalira chaka chatha. Pa unyamata wawo anagwira ntchito zaka zambiri yoperekera zakudya pa kalabu ina ya azungu a m'minda ya tiyi, ndipo mzungu wina pobwerera kwawo anawasiyira ndodo yake yosewerera billiards. Ndodoyo yakhala pamwamba pa wadirobu zaka zonsezi, ili m'chimake chachitsulo chakuda, chachitali ngati paipi. Ana anakula akuiona, koma palibe ankaloledwa kuigwira.

Tsopano kwabwera munthu wogula zinthu zakale. Waiona, watchula ndalama zake, ndipo akuti abweranso mlungu wamawa. Achimwene awo a mayiwa akufuna igulitsidwe msanga chifukwa pali mwana amene akudikira fizi ya ku sekondale. Agula kale sandipepa ndi vanishi kuti aiwalitse, poganiza kuti ikamanyezimira wogulayo awonjezera. Mayiwa mtima wawo sukufuna, komanso sakufuna kuoneka ngati akutsekereza sukulu ya mwana. Akuti kuchigwiriro kwa ndodoyo kuli kachizindikiro koyera kolembedwa kuti Burroughes & Watts, London, ndipo pathabwa pake pali nambala 16½. Akufunsa kuti: “Kodi ndodoyi ndi chuma, kapena tikukangana pa mtengo wachabe?”

Mayi, pepani ndi maliro a bambo. Ndisanayankhe china chilichonse, ndikupemphani chinthu chimodzi chachangu: pitani kwa achimwene anu lero lomwe mukawapemphe kuti aike pansi sandipepayo. Anthu osonkhanitsa ndodo zakale amalipira ukale womwewo. Khungu lofiirira limene manja a anthu anasiya pathabwa kwa zaka zambiri, nambala yodindidwa ija ndi zilembo za pachizindikiro ndizo umboni wa ndodoyo. Mukaipala, umboniwo mwaufafaniza, ndipo subwereranso. Ndodo yakale yopakidwa vanishi watsopano imatsika mtengo m'malo mokwera.

Kumene ndodozi zinachokera

Ambiri a ife timadziwa pool, wa matebulo ang'onoang'ono amene ali paliponse m'matauni ndi m'misika. Billiards ya Angerezi ndi mkulu wake. Imaseweredwa ndi mipira itatu yokha pa tebulo lalikulu la mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi. Pa tebulo lomwelo amasewererapo snooker, ya mipira 22, imene inayambitsidwa ndi asilikali a Britain ku Jabalpur, m'dziko la India, mu 1875. Kale mpira ankaukankha ndi ndodo ya mutu waukulu. Kenako osewera anayamba kuitembenuza n'kumamenya ndi kumchira kwake kowonda, ndipo dzina la Chingerezi la ndodoyi linachokera ku liwu la Chifalansa lotanthauza mchira. Kachikopa ka kunsonga kanabwera cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo amene amadziwika kuti anakayambitsa ndi msilikali wa ku France, François Mingaud.

Kulikonse kumene Angerezi ankakhazikika ankamanga kalabu, ndipo m'makalabu ambiri munkakhala tebulo la billiards. Zinali choncho ku Zomba, ku Blantyre ndi m'madera a tiyi, komanso m'migodi ya ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Joni kumene makolo athu ankapita kukagwira ntchito. Membala wokonda masewerawo ankakhala ndi ndodo yakeyake, n'kumaisunga m'chimake chachitsulo chokhoma ndi loko, chopachikidwa pakhoma la kalabu. N'chifukwa chake ndodo zotere zimapezeka m'makomo mwathu, limodzi ndi mawotchi, makina osokera ndi masutikesi achitsulo amene agogo anabwera nawo.

Yambani ndi chizindikiro

Tengani ndodoyo mupite nayo pakhonde pamene pali kuwala, muwerenge bwinobwino zonse zolembedwa. Dzina limene mwapezalo ndi labwino. Kampani ya Burroughes & Watts inayamba mu 1836 ndipo inali ku Soho Square mu London. Mayina ena odziwika ndi Thurston, imene inayamba mu 1799, Orme & Sons ya ku Manchester, E. J. Riley ya ku Accrington, ndi Peradon, imene inayamba mu 1885. Koma dzina lokha silikwanira. Makampaniwa ankagulitsa ndodo zamitundu yonse, zodula za akatswiri ndi zotsika mtengo zoti aliyense wolowa m'kalabu azitola pakhoma. Ndiye onani ngati pali mawu ena pambali pa dzina la kampani. Mwa ndodo za Burroughes & Watts, zolembedwa kuti Burwat Champion kapena Ye Olde Ash ndi zina mwa zimene osonkhanitsa amazifuna.

Awerengi ena angapeze dzina la munthu, monga John Roberts, Tom Newman, Walter Lindrum kapena Joe Davis. Musathamangire kuganiza kuti inali ndodo ya katswiriyo. Makampani ankapanga ndodo zambirimbiri zokhala ndi dzina la wosewera wotchuka, monga mmene lero amagulitsira jezi zolembedwa dzina la katswiri wa mpira. Ubwino wake ndi woti nambala zolembedwa pambali pa dzinalo zimathandiza kudziwa zaka. Tom Reece anagoletsa mapointi 499,135 osaphonya mu 1907. Walter Lindrum wa ku Australia anagoletsa 4,137 mu 1932. Joe Davis anakwanitsa 147 pa snooker mu 1955. Ndodo yolembedwa imodzi mwa nambalazi singakhale yakale kuposa chaka chimenecho, ngakhale wogulitsa atalumbira chotani.

Dziwaninso kuti chizindikiro n'chomata kapena chokhomera ndi tizisikuluwu, choncho munthu wachinyengo angathe kuchotsa cha ndodo yodula n'kuchiika pa ndodo wamba. Yanu yakhala pakhomo panu zaka zonsezi, ndiye nkhawa imeneyo ndi yochepa, koma wogula wodziwa adzayang'anabe ngati chinakhala bwino m'malo mwake.

Polumikizira ndi pamene pali nkhani

Ndodo ya Chingerezi imakhala ndi mitundu iwiri ya matabwa. Mbali yaitali yopita kunsonga ndi yoyererako. Nthawi zambiri amaipanga ndi mtengo wa ash, umene uli ndi mizere yooneka bwino yonga mivi yolozera mbali imodzi, kapena wa maple, umene ndi wosalala, wopanda mizere yoonekera patali. Kuchigwiriro kumakhala thabwa lolemera ndi lakuda, kawirikawiri ebony, amene maonekedwe ake ndi ofanana ndi phingo wosemera ziboliboli, kapena rosewood wofiirira. Pamene matabwa awiriwa akumana, lakudalo limakwera ngati malilime anayi kuzungulira ndodo.

Yang'anitsitsani nsonga za malilimewo. Ngati zili zozungulira ngati nsonga ya chala, ndodoyo inalumikizidwa pamanja. Mmisiri anapala mbali zinayi za thabwa loyera, kumatapo zidutswa za lakuda ziwiriziwiri, kenako n'kuipala mpaka itakhala yobulungira. Imeneyi ndi ntchito ya masiku ambiri. Ngati nsongazo zili zosongoka ngati mkondo, inalumikizidwa ndi makina, amene amadula matabwa awiriwo kuti alowerane ngati zala za manja awiri. Pa ndodo ziwiri za kampani imodzi ndi zaka zofanana, yolumikiza pamanja ndiyo imakhala yodula. Palinso zina zimene kuchigwiriro anangopakako penti yakuda. Zimenezo mizere ya thabwa loyera imaonekera pansi pa penti, makamaka pamene panakalika.

Yezani, musangoyerekeza

Nambala 16½ ija si mtengo wogulira ndipo si chaka. Ndi kulemera kwa ndodoyo pa muyeso wa Angerezi wa maaunsi. Aunsi imodzi ndi magalamu 28 ndi pang'ono, choncho ndodo yanu inatuluka m'fakitale ikulemera pafupifupi magalamu 468. Ikani pa sikelo ya kukhitchini kapena ya m'golosale. Kusiyana pang'ono sikodabwitsa chifukwa thabwa limauma, koma ikasiyana kwambiri ndiye kuti wina anaidula, anaipala kapena anaikamo mtovu.

Tengani tepi ya telala muyeze kutalika. Ndodo zambiri zimakhala mainchesi 57 kapena 58, amene ndi masentimita 145 mpaka 147. Ikapezeka yaifupi kwambiri, mwina nsonga inang'aluka ndipo anaidula. Yezaninso kukula kwa nsonga. Ndodo zakale za billiards zinkakhala ndi nsonga yokulirapo, pafupifupi mamilimita 11, ndipo kachikopa ankakamata pathabwa penipeni. Snooker itatchuka, anthu ambiri anapala ndodo zawo kuti nsonga ichepe kufika mamilimita 10 kapena kutsikirapo, n'kuvekapo kamphete ka mkuwa. Osonkhanitsa amakonda imene sinasinthidwe.

Kuti muone ngati ili yowongoka, ikwezeni kufika padiso, chigwiriro chili kwa inu, muyang'ane motsata msana wake uku mukuizunguza pang'onopang'ono. Kuigubuduza patebulo kumanamiza, chifukwa kuchigwiriro kuli mbali ina yophwathalala pamene pamakhala chizindikiro, ndiponso matebulo athu ambiri si osalala. Onaninso ming'alu, malilime amene ayamba kumatuka, ndi timabowo tosonyeza kuti thabwa layamba kufumbwa. Zonsezi lembani papepala. Chimake chachitsulo chija musachitaye ndipo musachipente, makamaka ngati pali dzina la mwini wake kapena nambala.

Chenjerani ndi kachizindikiro koyerako

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri, chifukwa nkhani yake ingakufikitseni kupolisi. Pa ndodo zakale kwambiri, kachizindikiro koyera kankapangidwa ndi mnyanga wa njovu kapena fupa. Pambuyo pake anayamba kugwiritsa ntchito pulasitiki yooneka ngati mnyanga. Mukayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, mnyanga wa njovu nthawi zina umaonetsa timizere topingasana ngati ukonde, fupa limakhala ndi timadontho kapena timizere takuda, pamene pulasitiki imakhala yofanana paliponse kapena ya mizere yowongoka mofanana kwambiri. Pa kanthu kakang'ono chonchi ngakhale odziwa amatha kusokonezeka. Ena amalangiza kubaya ndi singano yamoto. Musatero, mungoononga.

Malonda a minyanga ya njovu pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 pa pangano la CITES. Kuno kwathu lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu yokhudza minyanga ya njovu chilango chake chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Ku Britain, kumene kuli ogula ambiri a ndodozi, lamulo la 2018 limene linayamba kugwira ntchito mu June 2022 limaletsa kugulitsa zinthu za mnyanga. Limalola zochepa chabe, monga chinthu chopangidwa chisanafike chaka cha 1947 chimene mnyanga wake sukwana gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo chiyenera kulembetsedwa kaye ku boma. Mitengo ya mtundu wa rosewood nayo ili pa mndandanda wa CITES. Choncho musapatsire wachibale wopita kunja kuti akakugulitsireni, ndipo musaitumize pa positi. Ngati mukuganiza kuti ndi mnyanga, pitani kaye ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire mukafotokoze mmene ndodoyo inabwerera pakhomo panu, akuuzeni chochita. Paja safunsa anadya phula.

Nanga ndi ndalama zingati?

Sindingatchule nambala pa ndodo imene sindinaigwire, ndipo aliyense wokutchulirani asanaione bwino musamukhulupirire. Koma chithunzi cha msika wake ndi ichi. Ndodo zakale zambiri, zolumikiza ndi makina, za m'makalabu, ku Britain zimagulidwa mapaundi makumi angapo basi. Yolumikiza pamanja, ya dzina lofunidwa, yowongoka, yosadulidwa ndi yosapalidwa imafika mapaundi mazana angapo. Zopitirira pamenepo ndi zochepa kwambiri. Nkhani zimene mungamve za ndodo zogulidwa madola masauzande ambirimbiri kawirikawiri zimakhala za ndodo za pool za ku America, zomasula pakati, zopangidwa ndi amisiri ochepa otchuka monga George Balabushka, amene anamwalira mu 1975. Umenewo ndi msika wina, ndipo ndodo ya bambo anu si ya kumeneko.

Kuti mudziwe pamene yanu ili, jambulani zithunzi zooneka bwino masana: ndodo yonse, chizindikiro chapafupi, malilime mbali zonse zinayi, nambala yodindidwa, nsonga ndi chimake. Pemphani mwana wodziwa intaneti afufuze ndodo zofanana nayo. Koma aziyang'ana ndalama zimene ndodozo zinagulidwadi, osati zimene eni ake akupempha. Munthu angathe kulemba mtengo uliwonse pa mbuzi yake, koma mtengo weniweni ndi umene mbuziyo yachokera pamsika. Makampani ambiri ogulitsa zinthu zakale pa okishoni ku Britain amanena maganizo awo kwaulere mukawatumizira zithunzi ndi miyeso. Funsani awiri kapena atatu. Amene akufuna kukugulani asakhale yemweyo wokuuzani mtengo wake.

Mukamva nambala, chotseraponi zolipira. A okishoni amatenga gawo lawo. Kutumiza kunja chinthu chotalika mita imodzi ndi theka, chosapindika, kumadya ndalama zambiri, ndipo mwina pangafunike zilolezo. Zikhoza kutheka kuti mukawerengera zonse, ndalama za munthu wabwera pakhomo uja n'zosachititsa manyazi. Zikhozanso kutheka kuti waona malilime ozungulira amene inu simunawaone. Njira yodziwira ndi imodzi: muuzeni kuti banja likufuna mwezi umodzi. Wogula wachilungamo amadikira. Amene akuti “lero lomwe kapena basi” akuopa kuti mungadziwe zimene iye akudziwa. Ndipo wina wa pa intaneti akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama kuti malonda atheke, ameneyo ndi wakuba.

Podikirapo, ipukuteni fumbi ndi kansalu kofewa kouma, basi. Musaiyedzamiritse kukhoma chifukwa imapindika. Ikhale m'chimake chake, chogona pamalo osalala kapena chopachikidwa chilili, kutali ndi dzuwa, moto ndi chinyezi. Pamwamba pa wadirobu m'nyumba ya malata yopanda siling'i pamatentha kwambiri mwezi wa Okutobala, ndiye ipezereni malo ena.

Mtengo wina umene okishoni sadziwa

Stephen Hendry wa ku Scotland anapambana mpikisano wa dziko lonse wa snooker kasanu ndi kawiri pakati pa 1990 ndi 1999. Maulendo onsewo ankasewera ndi ndodo wamba imene inagulidwa mapaundi 40 ali mnyamata. Itathyoka mu 2003 pa ulendo wa pandege, ndalama zogulira ndodo yabwino koposa anali nazo, koma iye ankadandaulabe yakale ija. Chimene chinaipatsa ulemu ndodoyo ndi dzanja limene linaigwira.

Bambo anu, monga mwanenera m'kalata, sanasewereko billiards. Anaima zaka zambiri m'chipinda chimenecho atanyamula thireyi, pa nthawi imene munthu wakuda ankalowa m'makalabu otere ngati wantchito basi. Malipiro a ntchito imeneyo ndi amene anakulelani. Ndodoyo anaisunga mpaka imfa, ndipo payenera kuti panali chifukwa. Funsani azakhali anu kapena anzawo a bambo amene adakali moyo: anaipereka ndani, chaka chanji, pa chifukwa chanji? Ngati pali chithunzi, kalata ya umboni wa ntchito kapena dzina pachimake, ziikeni pamodzi. Lembani nkhaniyo papepala limodzi. Pepalalo limathandiza pogulitsa, chifukwa ogula amafuna kudziwa kumene chinthu chachokera, limathandiza mukapita ku boma pa nkhani ya mnyanga ija, ndipo lidzatsala m'banja ngakhale ndodoyo itapita.

Mwafunsanso ngati n'koyenera kusunga m'nyumba chinthu cha masewera amene masiku ano timawaona kwambiri m'malo omwera mowa ndi otchovera juga. Ndodo payokha ndi thabwa lopalidwa mwaluso. Simukuisunga kuti muzipita nayo kumeneko. Mwana akakufunsani kuti n'chiyani, mwapeza mpata womuuza za agogo ake.

Khalani pansi monga banja

Chimene chili pangozi kwenikweni m'kalata yanu ndi ubale wanu ndi achimwene anu. Iwo sakulakwa kuganizira fizi ya mwana, ndipo inu simukulakwa kuganizira bambo. Kumbukirani kuti ngati malemu sanasiye wilo yonena za ndodoyi, si ya mmodzi wa inu. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana onse, aakazi ndi aamuna mofanana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ngati amayi anu alipo, mawu awo amveke poyamba.

Mukadziwa mtengo wake weniweni, njira zimaoneka zokha. Ikapezeka ya ndalama zochepa, zosakwana ngakhale teremu imodzi, palibe chifukwa choigulitsira. Isungeni, ndipo nkhani ya fizi muikambirane payokha, aliyense asonkhe zimene angathe. Ikapezeka ya ndalama zooneka, amene akuifunitsitsa angathe kupatsa anzake gawo lawo pang'onopang'ono n'kuitenga. Mukagwirizana zogulitsa, gulitsani ndi mtima umodzi, ndalama ziwerengedwe onse akuona, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, aliyense asaine. Bambo amene anagwira ntchito kuti ana ake aphunzire sangadandaule kuti ndodo yake yaphunzitsa mdzukulu. Chimene chingawapweteke ndi kuona ana awo asiya kulankhulana. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma tonse taonapo mabanja amene anasiya kuyenderana chifukwa cha njinga kapena wailesi ya malemu.

Malangizo omwewa ndi a makina osokera a Singer, wotchi ya pakhoma kapena mbale zakale zimene mwasiyiridwa: musapale, musapente, werengani zolembedwa, yezani, jambulani, funsani amene sakugula, ndipo kambiranani musanalandire ndalama ya munthu.

Mayi, mukayang'ana malilime aja mundilembereko ngati ali ozungulira kapena osongoka. Ndikufuna ndidziwe. Ndipo vanishi uja asatayike, achimwene anu apake pa chitseko.